Chipika chilibe ndiwo, nanga bowa amakhuta chiyani?

Kuseri kwa nyumba ya amalume anga, chakufupi ndi Chia ku Nkhotakota, kwagona thunthu la mango lomwe mwera unagwetsa. Nthambi zinapita kumoto mwezi womwewo, koma thunthu linakana nkhwangwa, ndiye linangosiyidwa pomwepo, ana n'kumakhalapo akamasenda chinangwa cha kondowole. Mvula ikakhazikika mu Januwale, m'mbali mwake mumatuluka tibowa totuwa, taubweya, tokhala ngati tizigoba ta nkhono, tondondozana m'mizere. Dzuwa likawomba masiku atatu timakwinyika n'kuuma gwa. Mvula ikabweranso timatambasuka ngati sitinafepo. Tsiku lina ndinakanganula khungwa ndi chikwanje. Pansi pake panali poyera mbee, ngati wina wayalapo thonje lopyapyala, ndipo fungo lake linali lija limakuchingamira m'nkhalango m'mawa mvula itagwa usiku. Nditakanikiza ndi chala, mtengo womwe unabunthitsa nkhwangwa unafewa ngati chinangwa chomwe chagona m'madzi masiku anayi.

Zoyerazo ndiye bowa mwini wake. Chomwe timachiona kunja n'kumachithyola ndi chiberekero chabe, chotuluka nyengo yake ikakwana. Thupi lenileni ndi timaulusi tosawerengeka, tochepa kuposa tsitsi la munthu kakhumi kapena kupitirira apo, tomwe timalowerera m'kati mwa mtengo n'kumaudya usana ndi usiku. Funso lomwe linandikhala pamtima kuyambira tsiku limenelo ndi ili: m'chipika muli chakudya chanji choti n'kumanga thupi la chamoyo?

Mtengo wouma uli ngati nsima yopanda ndiwo. Pafupifupi theka la kulemera kwake ndi kaboni, womangidwa m'zinthu zitatu zomwe asayansi amazitcha cellulose, hemicellulose ndi lignin. Ziwiri zoyambazo ndi shuga wolukidwa m'zingwe zazitalizitali, choncho zopatsa mphamvu zilimo zochita kutaya. Chosowa ndi nayitrojeni, yemweyu timamulirira m'feteleza wobereketsa. M'mitengo yambiri nayitrojeni amakhala pakati pa 0.03 ndi 0.1 peresenti ya kulemera kwa mtengo wouma. Tiwerenge m'matumba kuti zimveke. Thumba la urea la makilogalamu 50 limakhala ndi makilogalamu 23 a nayitrojeni. Kuti mupeze nayitrojeni wochuluka chomwecho m'zipika, pafunika matani 23 a mtengo wouma, ndipo apo ndiye kuti mwagwira mtengo wonona. Ukakhala wowonda, matani amapitirira 70.

Tsono popanda nayitrojeni palibe puloteni. Pa magalamu 100 aliwonse a mapuloteni, pafupifupi 16 ndi nayitrojeni. Ife mapuloteni timawadziwa ngati zakudya zomanga thupi, usipa, nyemba, mtedza, koma kwa bowa ndiwonso zida zake zogwirira ntchito. Bowa alibe mano. Amadya potulutsa kunja timadzi togaya, ma enzayimu, tomwe timasungunula mtengo kuti ulusi umwe zosungunukazo, ndipo ma enzayimu amenewa ndi mapuloteni. Ngakhale khoma la ulusi uliwonse lili ndi chitin, chinthu chomwe chimalimbitsanso chikamba cha nkhanu ndi cha dzombe, ndipo nachonso chimafuna nayitrojeni. Kuti bowa akumbe chakudya ayenera kusula makasu, pomwe chitsulo chosulira makasuwo ndicho chikusowacho.

Bowa yemwe timamukonda pa mbale sakumana ndi vutoli motere, chifukwa ali ndi omusamala. Ndelema ndi manyame amagwirana ndi mizu ya mitengo yamoyo monga mombo, mchenga ndi msuku, mitengo yomwe yadzaza nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Mtengo umawapatsa shuga, iwo n'kumautapira michere m'nthaka. Utale amalimidwa ndi chiswe m'kati mwa chulu, chakudya n'kumabwera chotafunidwa kale. Bowa wa pa chipika ali yekha, ndipo nthawi zina chipikacho sichikhudza n'komwe dothi.

Ena mwa anthu oyamba kulondola nkhaniyi mwakuya anali Ellis Cowling ndi William Merrill a ku America, omwe mu 1966 analemba za kuchepa kwa nayitrojeni mu mtengo ndi momwe bowa amapiririra. Kafukufuku wa Cowling ndi anzake m'zaka zotsatira anaonetsa chinthu chodabwitsa pa bowa wina wotchedwa Trametes versicolor. Akamudyetsa bwino, nayitrojeni m'thupi lake amafika pafupifupi 4 peresenti. Akamuika pa chakudya chomwe kaboni ndi wochuluka ka 1,600 kuposa nayitrojeni, amatsika mpaka 0.2 peresenti, koma bowayo osafa, osaleka kukula. Amamanga ulusi wowonda, n'kusunga nayitrojeni wochepayo pa ntchito zomwe sangazileke. Anaonanso kuti bowa wotere amatha kukula bwinobwino atapatsidwa ulusi wake womwe wakale ngati gwero lokhalo la nayitrojeni.

Nditawerenga zimenezi ndinakumbuka amalume omwewa, omwe ndi akalipentala. Khola la mbuzi likakalamba saligwetsa mwachisawawa. Amayamba azula misomali umodziumodzi, kuigoneka pa mwala, kuiwongola ndi hamala, n'kuiponya m'chitini chakale cha mafuta ophikira. Ndili mwana ndinawafunsa chifukwa chake amavutikira misomali yadzimbiri. Iwo osadzutsa n'komwe mutu anati, "Mphwanga, mitengo ili mbwee kuseriku, koma msomali umafuna ndalama ndi ulendo wa ku boma." Khola latsopano limaimirira ndi milimo yatsopano ndi misomali ya khola lakale. Bowa wa pa chipika amakhala chomwecho moyo wake wonse: kaboni ndi mitengo ya kuseri, nayitrojeni ndi misomali ya m'chitini.

Mbewu ya mtedza ili ndi nkhokwe yeniyeni ya mapuloteni, yoikidwa padera kudikira tsiku lomera. Ulusi wa bowa nkhokwe yake yaikulu ndi thupi lake lomwe. Ulusi umakula kunsonga kokha. Kumeneko n'kodzaza ndi moyo, n'komwe kumatuluka ma enzayimu, n'komwe kumamangidwa khoma latsopano. Kumbuyo, komwe mtengo wadyedwa kale, ulusi ulibenso ntchito yambiri, koma m'kati mwake muli mapuloteni omwe anagwira ntchito dzana. Bowa amawaphwasula amenewo n'kukankhira zophwasukazo kutsogolo. Ulusiwo uli ndi timakoma topingasa tokhala ndi kabowo pakati, ngati mfundo za bango zoboola, ndipo chigawo chakale chikakokololedwa, kabowoko kamatsekedwa, n'kutsala kachubu kopanda kanthu. Mlimi aliyense wa chimanga anaziona zofanana nazo: feteleza akachepa, masamba am'munsi ndiwo amayamba kuchita chikasu, chifukwa chimanga chikusamutsa nayitrojeni kupita ku masamba anthete akumwamba.

Tibowa ta pa chipika cha amalume tija dzina lake m'mabuku ndi Schizophyllum commune. Timapezeka m'makontinenti onse kupatula Antarctica, ndipo ndi pa bowa ameneyu pomwe kusamukaku kunaonetsedwa bwino. Mu 1991, Walt Lilly ndi anzake ku Missouri anasamutsa bowayu kuchoka pa chakudya chokwanira kupita pa chosowa nayitrojeni. M'mphepete mwake munapitiriza kutambasuka pafupifupi pa liwiro lomwelo, pomwe pakati, pa ulusi wakale, mapuloteni ankaphwanyidwa ndipo zidutswa zake zinkapezeka zitafika kunsonga. Ukamuyang'ana kunja umati akudya bwino, chonsecho akudzidya kumbuyo kuti mutu upite patsogolo.

Nanga amaphwasula bwanji? Puloteni ili ngati mkanda wa mikanda yamitundu 20, yomwe imatchedwa ma amino acid, ndipo uliwonse uli ndi nayitrojeni wake. Kusiyana kwa puloteni ina ndi inzake kuli m'kasanjidwe ka mikandayo basi. Ukadula chingwe, mikanda yomweyo utha kutungira mkanda wina wosiyana kotheratu. Malumo odulira chingwecho ndi ma enzayimu otchedwa ma protease, ndipo alipo amagulu angapo: ena amadula pakati pa chingwe, ena amathothola mkanda umodziumodzi kuyambira kumapeto, ena amagwira ntchito pokhapokha pali chitsulo monga zinki. Koma apa pali choopsa chomwe aliyense angachione. Selo yonse, kutanthauza kachipinda kalikonse ka m'kati mwa ulusi, ndi yomangidwa ndi mapuloteni. Malumo amenewa atangomasulidwa kuti aziyenda paliponse, bowa angadzigaye yekha wamoyo.

N'chifukwa chake kuphwasulako kuli ndi malo ake ndi mwambo wake. Malo oyamba ndi kathumba kotsekeka m'kati mwa selo, kotchedwa vacuole, komwe madzi ake ndi owawasa ndipo malumo ambiri amasungidwa mmenemo. Kunsonga ya ulusi timatumbati n'tating'ono. Ukamabwerera kumbuyo timakula mpaka kudzaza pafupifupi selo yonse. Nayitrojeni akasowa, selo imatambasula kansalu kopyapyala, n'kukuta gawo la zam'kati mwake, mapuloteni ndi tiziwalo tina totopa, ngati mayi akumanga phukusi m'chitenje. Phukusilo limaperekedwa ku vacuole, kumeneko limamasulidwa n'kugayidwa, ma amino acid n'kutuluka kukagwiranso ntchito. Mchitidwewu umatchedwa autophagy, mawu achigiriki otanthauza kudzidya wekha, omwe Christian de Duve wa ku Belgium anawayambitsa mu 1963.

Yemwe anaulula kayendetsedwe kake ndi Yoshinori Ohsumi wa ku Japan, ndipo anagwiritsa ntchito yisiti, mbale wake wa bowa, yemweyu amatupitsa mandasi. Nzeru yake inali yosavuta kuimva. Anatenga yisiti yemwe vacuole yake inalibe malumo aja, n'kumumana chakudya. Patangopita maola ochepa, atayang'ana pa maikulosikopu, anaona vacuole itadzaza ndi timaphukusi tosagayidwa, tounjikana poti panalibe wotimasula. Anafalitsa zimenezi mu 1992, kenaka iye ndi ophunzira ake anapeza majini (genes, malangizo obadwa nawo a m'selo) oyendetsa ntchitoyi, ndipo mu 2016 analandira mphoto ya Nobel. Majini a mtundu womwewo ali mu bowa wa pa chipika, ali mu chimanga chija chochita chikasu, alinso mwa inu ndi ine.

Njira yachiwiri ndi yosankha imodziimodzi. Puloteni ikawonongeka, kapena ntchito yake ikatha, imamatidwa kachizindikiro kotchedwa ubiquitin, komwe nako ndi kapuloteni kakang'ono ka ma amino acid 76. Tizizindikiro tikalumikizana tingapo pa puloteni imodzi, imatengedwa kupita ku proteasome, kamakina kooneka ngati mtondo woboola mbali zonse. Pakamwa pake puloteni imawongoledwa, imalowetsedwa ngati chingwe, n'kutuluka ili tizidutswa. Aaron Ciechanover, Avram Hershko ndi Irwin Rose analandira mphoto ya Nobel mu 2004 chifukwa chotulukira njirayi. Ku Lublin, m'dziko la Poland, Magdalena Staszczak anaifufuza mu Trametes versicolor yemwe uja, n'kuonetsa kuti imatenga nawo mbali pomwe bowa akusintha kakhalidwe chifukwa cha njala ya nayitrojeni. Chomwe chimandigwira mtima n'chakuti njirayi imadya mphamvu. Bowa amawotcha shuga kuti aphwanye katundu wake yemwe. Koma shuga ali naye wosefukira, ndiye malonda ake ndi abwino: kutaya chomwe chili mbwee kuti apulumutse chosowa.

Zophwasulidwazo ziyenera kusungidwa ndi kunyamulidwa, ndipo apa bowa amalongedza mwanzeru. Ma amino acid ambiri ali ndi nayitrojeni mmodzi, glutamine ali ndi awiri, koma arginine ali ndi anayi. Bowa ambiri amaunjika arginine mu vacuole, monga wapaulendo yemwe amasintha ndalama zachitsulo kuti zikhale zapepala. Mitundu ina imalukanso timaulusi tambirimbiri kukhala zingwe zooneka ndi maso. Mukatembenuza chipika m'nkhalango nthawi ya dzinja mudzaziona, zoyera, zoyanga pansi pa masamba ngati mizu, zina zikulowera ku chipika china. Lynne Boddy wa ku Cardiff wakhala zaka zambiri akutsata momwe zingwezi zimasamutsira michere, ndipo ku Oxford, Sarah Watkinson ndi Mark Fricker anajambula kayendedwe ka nayitrojeni m'menemo pogwiritsa ntchito amino acid woikidwa chizindikiro yemwe bowa amamunyamula koma sangamugaye. Anaona kuti katunduyo amathamangitsidwira komwe kwapezeka mtengo watsopano. Chipika chakale chimakhala chikulipirira ulendo wolowa m'chatsopano.

Pali china chomwe poyamba chimamveka chokhotakhota. Lignin ndiye guluu wolimba yemwe amakuta cellulose, ndipo ndi zamoyo zochepa zomwe zimamutha. Bowa wina amamuphwanya, mtengo n'kutsala wotuwa, wofewa, wa ulusiulusi, ngati wa mango uja. Wina amangomulambalala n'kudya shuga yekha, mtengo n'kutsala wofiirira, wong'ambika m'timabokosi. Mu 1978, gulu la Kent Kirk ku Madison, m'chigawo cha Wisconsin, linapeza kuti bowa wotchedwa Phanerochaete chrysosporium amayamba kuphwanya lignin nayitrojeni akamuthera, ndipo ukamuwonjezera nayitrojeni amachita ulesi pa ntchitoyo. Mu 1983 Ming Tien ndi Kirk anafotokoza enzayimu yemwe amagwira ntchitoyi. Si mitundu yonse yomwe imatero, koma kwa uyu njala ndiyo belu lomuuza kuti aswe khoma. Taganizani tsono: akufunika kupanga zida zatsopano pa nthawi yeniyeni yomwe zopangira zamuthera. Kulibe kwina kozitenga koma m'zida zakale.

Tisanamizane, kubweza sikubala. Chitini cha amalume sichichulukitsa misomali. Ina imathyoka, ina imatayika mu udzu. Bowa nayenso amataya nayitrojeni m'makoma a ulusi wakale omwe sanagayike ndi m'ma enzayimu omwe anatuluka osabwerera. Ndiye amafunafuna wowonjezera. Wa zingwe uja amamutapa m'nthaka n'kumukokera m'chipika. M'mitengo yowola mumakhalanso mabakiteriya otha kugwira nayitrojeni wa mumpweya, monga amachitira anzawo m'mizu ya nandolo. Ndipo bowa wa oyisitala, yemwe alimi akumudzala m'mapepala apulasitiki masiku ano, ndi mlenje. M'zaka za m'ma 1980 Greg Thorn ndi George Barron a ku Canada anafotokoza momwe ulusi wake umatulutsira timadontho tapoizoni tomwe timaumitsa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, tija alangizi amati manematodi, kenaka ulusi n'kulowa m'thupi mwake n'kutigaya. Ndiwo yake amaipeza motero.

Kusonkhanitsa konseku kuli ndi komwe kukupita. Tsiku lomwe bowa watuluka pa chipika ndi tsiku lomwe nkhokwe yatsegulidwa. Chiberekero chimakhala ndi nayitrojeni wochuluka maulendo makumi angapo kuposa mtengo womwe chamerapo, ndipo njere zake, fumbi lija limagwa kunsi kwa chipewa, nazo zimapita ndi kamba wa nayitrojeni. Bowa wolimba wokhala ngati shelefu, Ganoderma applanatum, anamuwerengera kuti mmodzi wamkulu angathe kutulutsa njere zokwana 30 biliyoni pa tsiku. Zonsezo zimalipiridwa ndi ulusi wobisika womwe wakhala ukukokolola chipika kwa miyezi kapena zaka.

Ichi n'chifukwa chake ine sindionanso chipika chowola ngati nkhuni yomwe tachedwa kuitola. Bowa akamadya, kaboni amauluka ngati mpweya, koma nayitrojeni amagwiridwa m'ulusi, moti mtengo ukamapepuka, chotsalacho chimanka chinona. Mphutsi, chiswe ndi tizilombo tina timabwera kudzadya ulusiwo, mbalame n'kudzadya tizilomboto, ndipo pamapeto pake pamatsala dothi lakuda lofumbutuka lomwe mbande zimakondwa nalo. Chipika chomwecho chikapsa ndi moto wolusa wa mu Okutobala, nayitrojeni wake wambiri amapita ndi utsi, phulusa n'kutsala ndi michere ina yokha. Sindikunena izi modzudzula mayi yemwe wasenza mtolo kuti ana adye. Nkhuni ndi moyo. Chimandiwawa ndi moto wongoyatsa pofuna mbewa, womwe umanyeketsa m'maola awiri zomwe zasonkhanitsidwa zaka zisanu.

Kwa olima bowa wa oyisitala nkhaniyi ndi ya m'manja. Utuchi wa kwa akalipentala, mapesi a chimanga, udzu wa mpunga womwe umatsala m'madambo a Nkhotakota anthu akamenya, zonsezi ndi nsima yopanda ndiwo, ngakhale mapesi ndi udzu zili bwinoko kuposa utuchi. N'chifukwa chake amasakanizako madeya pang'ono, ndipo zokolola zimakwera. Koma dzanja likalemera pa madeya, thumba limatentha, ndipo chuku chobiriwira chimalowa n'kulanda malo. Mphamvu ya bowa wa m'mitengo ili pa kupirira pomwe anzake sangapirire. Mukanonetsa chakudya mwaitana omwe amathamanga kuposa iye. N'chimodzimodzinso ndi kutsika kwa zokolola. Kuthyola koyamba kumadzaza lichero, kwachiwiri kumachepa, kwachitatu n'kongotolatola. Thumba limakhala lidakali ndi mapesi, koma mapuloteni omwe ulusi unasunga atuluka ndi bowa yemwe wapita kumsika, ndipo sabwerera.

Ngakhale bowa wothyoledwa saleka ntchitoyi. Pa bowa woyera wa m'masitolo, yemwe amalimidwa pa manyowa, ofufuza a ku England anapeza kuti akadulidwa, ma protease amachuluka mu tsinde, mapuloteni a mmenemo n'kumaphwasulidwa, zophwasukazo n'kumakwera ku chipewa komwe kukupangidwa njere. Ndinaziyesa ndi oyisitala yemwe ndinagula tsiku lina madzulo. Ndinadula chipewa chimodzi ndi katsinde kake, kuchigoneka chafufumimba pa nsalu yakuda, n'kuvundikira mbale. M'mawa nditavundukula, m'mphepete mwake munali mutayamba kufota, koma pa nsalupo panali chithunzi cha mizere yake yonse, choyera ngati ufa wosefa, mzere uliwonse pamalo pake.